Amayi a mu Mzinda wa Zanzibar ndi Kukula kwa Chiswahili

1.0 Mawu Oyamba

M'chaka cha 1928 mudachitika zinthu ziwiri zimene olemba mbiri ya Chiswahili sakonda kuzitchulira pamodzi. Choyamba nchakuti nthumwi za maboma a atsamunda a Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Zanzibar zidasonkhana ku Mombasa ndi kugwirizana kuti kayankhulidwe ka mu mzinda wa Zanzibar, kotchedwa Kiunguja, ndiko kadzakhale maziko a Chiswahili cha m'sukulu ndi cha m'mabuku. Chachiwiri nchakuti mayi wina wa mu mzinda womwewo, Siti binti Saad, amene sadapondeko m'kalasi paubwana wake, adakwera sitima ya pamadzi kunka ku Bombay kukajambulitsa nyimbo zake pa mbale za galamafoni, ndipo adaziimba m'kayankhulidwe komweko. Nkhani yoyamba timaipeza m'mabuku a akatswiri a ziyankhulo, pamene yachiwiri timangoisiyira akatswiri a nyimbo.

Cholinga chathu pano ndicho kuonetsa kuti nkhani ziwirizi ndi imodzi. Tikufuna kunena kuti anthu a pamsonkhano wa ku Mombasa adakolola m'munda umene ena adali atalima kale, ndi kuti ambiri mwa olimawo adali amayi: adzakazi a m'nyumba zachifumu, anamkungwi, aphunzitsi, ogulitsa miphika ndi oimba. Tasankha Zanzibar chifukwa mbiri yake idalembedwa mokwanira kotero kuti nkotheka kulondola mapazi a ena mwa amayiwa ndi kuwatchula maina. Komanso funso limene likutuluka m'mbiri imeneyi likutikhudza tonse amene timagwira ntchito yokonza ziyankhulo: kodi pokhazikitsa malamulo a chiyankhulo timamvera pakamwa pa yani?

2.0 Mzinda ndi Anthu Ake

Mzinda wa Zanzibar uli kugombe la kumadzulo kwa chilumba cha Unguja, ndipo mbiri yake siyambira pa masultani a ku Oman monga ambiri amaganizira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 pamalopa padali mfumu yaikazi dzina lake Fatuma. Pamene Aluya a ku Oman adazinga linga la Fort Jesus ku Mombasa kuyambira 1696 mpaka 1698, Fatuma adakhala mbali ya Apwitikizi nawatumizira chithandizo. Apwitikizi atagonja, iye adatengedwa kupita ku Oman kumene adakhala zaka zingapo asadabwerere kwawo. Nyumba yake idali pamalo pamene Sultan Barghash adadzamangapo nyumba yotchuka ya Beit al-Ajaib m'chaka cha 1883.

Mzindawu udakula kwambiri Seyyid Said atasamutsa likulu la ufumu wake kuchoka ku Muscat kudza ku Zanzibar cha m'ma 1840. Chuma chake chidakhazikika pa minyanga ya njovu, pa minda ya zokometsera zakudya zotchedwa karafuu, ndiponso pa akapolo. Anthu ogwidwa ukapolo ankachokera m'mitundu yambiri ya kumtunda: Anyamwezi, Azigua, Amanyema, Amakua, Ayao ndi Anyanja. Ena adachokera kwathu kuno. Ankawaolotsa nyanja pa zombo kuchokera ku Nkhotakota, kumene kudali Jumbe, nkuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa, kenaka ku Zanzibar, kumene anthu a m'mbali mwa nyanja yathu ankatchedwa Wanyasa.

Msika wa akapolo udatsekedwa m'chaka cha 1873. Angerezi adayamba kulamulira chilumbachi m'chaka cha 1890, ndipo lamulo lothetsa ukapolo lidatuluka m'chaka cha 1897. Koma tiyenera kukumbukira kuti lamulolo silidakhudze adzakazi okhala ngati akazi a ambuye awo, amene adadikira mpaka 1909. Ambiri mwa omasulidwawo adasiya minda nadzakhala m'tauni, m'dera lotchedwa Ng'ambo. Dzinali tanthauzo lake ndi "tsidya", pakuti kale padali khwawa la madzi a m'nyanja lolekanitsa nyumba zamiyala za anthu olemera ndi nyumba zadothi zofolera ndi masamba a kokonati. Ku tsidya kumeneko anthu a ziyankhulo zosiyanasiyana ankatunga madzi pamodzi, kukwatirana ndi kulerana ana, ndipo chiyankhulo chimene chinkawalumikiza chidali Chiswahili.

3.0 M'nyumba ya Sultan

Umboni wathu woyamba ukuchokera kwa mwana wamkazi wa Seyyid Said. Sayyida Salme adabadwa m'chaka cha 1844, ndipo mayi ake adali mdzakazi wochokera ku Circassia. Ana aakazi a m'nyumba yachifumu ankaphunzitsidwa kuwerenga Korani koma osati kulemba. Salme adadziphunzitsa yekha mobisa pokopera zilembo pa fupa la phewa la ngamira. Luso limeneli lidamlowetsa m'ndale akadali mtsikana, pakuti m'chaka cha 1859, pamene Barghash adaukira mbale wake Majid, Salme ndiye ankalemba makalata a mbali ya Barghash. M'chaka cha 1866 adathawa pachilumbapo, nakwatiwa ndi wamalonda wa ku Germany, Heinrich Ruete, natenga dzina la Emily Ruete. Buku la mbiri ya moyo wake lidasindikizidwa m'Chijeremani m'chaka cha 1886, ndipo iye adamwalira ku Jena m'chaka cha 1924.

Chimene chikutikhudza m'bukulo ndi m'mene akufotokozera ziyankhulo za m'nyumba ya bambo ake. Akunena kuti pamaso pa Sultan chololedwa chidali Chiarabu chokha, koma iye akangochoka pankamveka Chiperezi, Chituruki, chiyankhulo cha ku Circassia, cha ku Nubia, cha ku Abyssinia ndi Chiswahili. Apa tikuona kusiyana kwa chiyankhulo cha lamulo ndi chiyankhulo cha kuseri. Mwana wobadwira m'nyumba yotere ankakhala nthawi yochepa ndi bambo wake, koma tsiku lonse ankakhala m'manja mwa amayi ndi alezi, amene ambiri mwa iwo adali akapolo a kumtunda. Nchifukwa chake sitidabwa kuti patapita mibadwo yochepa zidzukulu za Aluya a ku Oman zinkayankhula Chiswahili ngati chiyankhulo chawo choyamba, Chiarabu nkutsalira pa chipembedzo ndi pa makalata. Palibe lamulo limene lidalamula zimenezi. Zidachitikira pamsana pa mlezi.

4.0 Amayi a ku Tsidya

4.1 Sukulu ya ku Mbweni

Amishoni a Universities' Mission to Central Africa, omwe aja adadzakhazikika pa Likoma m'chaka cha 1885, adayamba akhala ku Zanzibar. Kumeneko Edward Steere adatulutsa buku lake la malamulo a Chiswahili cha ku Zanzibar m'chaka cha 1870, ndipo bukuli lidathandiza kwambiri kuti Kiunguja chidziwike pakati pa Azungu. Dzina la Steere timalidziwa tonse. Amene sitiwatchula kawirikawiri ndi atsikana opulumutsidwa ku ukapolo amene ankaphunzira pa sukulu ya mishoni ku Mbweni, kum'mwera kwa mzindawu, imene Caroline Thackeray adaiyang'anira zaka zambiri. Atsikanawa adafika ndi ziyankhulo za kwawo, naphunzira kuwerenga ndi kulemba Chiswahili m'zilembo za Chiroma, ndipo ena mwa iwo adakhala aphunzitsi m'sukulu za mishoni kumtunda. Motero Kiunguja cholembedwa chidayamba kuoloka nyanja komiti iliyonse isadakhale pansi.

4.2 Unyago

Amayi ogwidwa ukapolo adafika ku Zanzibar opanda katundu m'manja, koma adafika ndi miyambo ya chinamwali. Mwambo wolangiza atsikana umatchedwa unyago, dzina limene Ayao a kuno amalidziwa bwino. Laura Fair, m'buku lake la mbiri ya mzindawu ya 1890 mpaka 1945 lotchedwa Pastimes and Politics, limene lidatuluka m'chaka cha 2001, akuonetsa m'mene mwambowu, umene poyamba udali wa akapolo, udafalikira m'mabanja a m'tauni ukapolo utatha.

Mawu a mwambowu ngosangalatsa kwa woyankhula Chichewa. Mtsikana wolangizidwa amatchedwa mwari kapena mwali, ndipo mlangizi wake ndi kungwi. Ife timati namwali ndi namkungwi. Tisafulumire kunena kuti Chiswahili chidabwereka mawuwa ku Chinyanja, pakuti ziyankhulo za Chibantu zili ndi mawu ambiri ochokera ku kholo limodzi. Chimene tinganene molimba mtima nchakuti mayi wa ku Nkhotakota kapena wa ku Mangochi, atafika ku Ng'ambo, adapeza mawu amene khutu lake lidawazindikira, ndipo zimenezi zidapeputsa kusonkhana kwa amayi a mitundu yosiyana m'mwambo umodzi ndi m'chiyankhulo chimodzi. M'nyumba ya unyago Chiswahili chidapatsidwa ntchito imene sukulu ndi mzikiti sizikadachipatsa: kunena za thupi, za ukwati ndi za ulemu mwa nyimbo ndi mwa mikuluwiko.

4.3 Kanga

Mdzakazi ankadziwika ndi nsalu yakuda yotchedwa kaniki. Ukapolo ukutha, amayi a m'tauni adaitaya nayamba kuvala nsalu zamaangamaanga zotchedwa kanga, dzina limene lili limodzi ndi nkhanga yathu. Kuvala kanga kudali kulengeza kuti munthu ndi mfulu ndiponso ndi wa m'tauni. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 nsaluzi zidayamba kusindikizidwa ndi mawu, poyamba m'zilembo za Chiarabu, pambuyo pake m'zilembo za Chiroma. Mawu a pa kanga amatchedwa jina, ndiye kuti dzina, ndipo kawirikawiri amakhala mwambi kapena chiganizo chachifupi chokuluwika. Mayi amasankha kanga yovala kapena yopatsa mnzake molingana ndi uthenga umene akufuna kupereka kwa mwamuna wake, kwa mkazi mnzake kapena kwa woyandikana naye nyumba. Amalonda sakadasindikiza mawu amene amayi sangagule. Choncho ogulawo ndiwo adali oweruza a Chiswahili cha pa nsalu, ngakhale ambiri a iwo sadaphunzire sukulu.

5.0 Siti binti Saad

Siti adabadwa cha m'ma 1880 kudera la Fumba, kum'mwera kwa mzinda wa Zanzibar, m'banja losauka lochokera kumtunda. Dzina lake lobadwa nalo lidali Mtumwa, limene m'Chiswahili limatanthauza kapolo, ndipo tsinde lake ndi lomwe lija la mawu athu akuti kutuma ndi mtumwi. Mayi ake adali woumba miphika, ndipo Mtumwa ankaigulitsa akuimba poitanira malonda. Adasamukira m'tauni m'chaka cha 1911. Dzina lakuti Siti ndi laulemu, lopatsidwa kwa amayi a m'mabanja apamwamba, ndipo iye adalilandira chifukwa cha mawu ake.

Nyimbo za taarab zidafika ku Zanzibar ngati zosangalatsa za m'nyumba ya Sultan Barghash, amene adalamulira kuyambira 1870 mpaka 1888, ndipo zinkatsata maimbidwe a ku Egypt. Gulu la Nadi Ikhwan Safaa, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1905, lidali la amuna okhaokha ndipo linkaimba m'Chiarabu. Siti adaphunzira maimbidwe amenewa, ndi katchulidwe ka Chiarabu komwe, nayamba kuimba pamodzi ndi amuna monga Maalim Shaaban, Subeit Ambar, Buda Swedi ndi Mbaruk Talsam. Ankaimba atafunda kumaso. Koma chachikulu chimene adachita ndicho kutulutsa taarab m'nyumba yachifumu ndi kuilowetsa m'Chiswahili cha anthu wamba.

Kunyumba kwake ku Ng'ambo kunkasonkhana anthu madzulo kudzamva nyimbo ndi kukamba zochitika za m'tauni, ndipo nkhani zimenezo ndizo zinkasanduka nyimbo. Yodziwika kwambiri ndi Kijiti, imene imanena za mayi amene adagwiriridwa ndi kuphedwa, wopalamula nathawa, bwalo la milandu nkulanga amayi anzake a malemuyo. Nyimbo zina zinkadzudzula akalaliki akatangale ndi amuna ozunza akazi awo. Izi zinkachitika m'nyengo yovuta, pakuti m'chaka chomwecho cha 1928 anthu a ku Ng'ambo adakana kulipira lendi ya malo amene adamangapo nyumba zawo. Kwa anthu amene sankawerenga nyuzipepala, nyimbo za Siti zidali bwalo lokambirana za chilungamo.

Ulendo wa ku Bombay udakonzedwa ndi kampani ya Gramophone, mwini wa chizindikiro cha His Master's Voice, ndipo mbalezo zidagulidwa kwambiri kotero kuti makampani a Columbia ndi Odeon nawonso adayamba kujambula oimba a Chiswahili. Phindu la zimenezi pa chiyankhulo lili pawiri. Poyamba, mbale idafika kumene buku silikadafika: m'masitolo, m'nyumba zomwera khofi ndi pa maukwati, m'mizinda ya kugombe ndi ya kumtunda, kwa odziwa kuwerenga ndi osadziwa omwe. Kachiwiri, idakweza ulemu wa chiyankhulocho. Munthu womva Chiswahili chikutuluka m'galamafoni, m'makina omwe aja ankatulutsa Chiarabu ndi Chihindi, sakadachionanso ngati chiyankhulo cha akapolo ndi cha kumsika chabe.

Siti adamwalira m'chaka cha 1950. Mlembi wotchuka Shaaban Robert, amene adakumana naye ali wokalamba, adalemba mbiri yake m'buku la Wasifu wa Siti binti Saad limene lidatuluka m'chaka cha 1958. Motero mayi amene sadalembe buku adasanduka mutu wa buku lowerengedwa m'Chiswahili chovomerezeka.

6.0 Olowa m'Malo

Njira imene Siti adalambula sidamere udzu. Chapakati pa zaka za m'ma 1900 amayi a m'tauni adakhazikitsa magulu awoawo a taarab, monga Royal Air Force ndi Royal Navy, amene ankapikisana pa maukwati ndi nyimbo zogemulana, komanso ankathandizana pa maliro ndi pa zikondwerero. Wodziwika koposa mwa otsatira Siti ndi Fatuma binti Baraka, wotchuka ndi dzina la Bi Kidude. Iye adasunga pamtima nyimbo za Siti nazipereka kwa mibadwo imene sidamuone, ndiponso adali namkungwi ndi woimba ng'oma za unyago. Mwa iye miyambo iwiri imene tafotokozayi idakumana mwa munthu mmodzi. Adalandira mphoto ya WOMEX m'chaka cha 2005, namwalira m'mwezi wa Epulo 2013. Bungwe la amayi atolankhani la ku Tanzania lidatcha magazini yake Sauti ya Siti, ndiye kuti mawu a Siti.

7.0 Zimene Komiti Idachita ndi Zimene Idasiya

Potsatira msonkhano wa ku Mombasa, komiti yoyang'anira Chiswahili m'maiko anayi aja idayamba ntchito m'chaka cha 1930, mlembi wake ali Frederick Johnson. Pa zaka zoyambirira mamembala ake onse adali Azungu. Sitikupeputsa ntchito yawo. Adagwirizanitsa kalembedwe, ankayesa mabuku a sukulu asadasindikizidwe, ndipo mtanthauziramawu wa Johnson wa 1939 udathandiza ophunzira kwa zaka zambiri. Kiunguja adachisankha m'malo mwa Kimvita cha ku Mombasa, chimene chidali ndi ndakatulo zakale zolembedwa, chifukwa Kiunguja chidali chitafala kale kumtunda kudzera m'maulendo a malonda ndi m'sukulu za mishoni. Ndiye kuti komiti idatsata kumene anthu adali atapita kale.

Komabe pepala lidataya zina. Chitsanzo chimodzi chikwanira, ndipo woyankhula Chichewa achimva msanga. M'Chiswahili cha kugombe mudali kusiyana pakati pa p, t, k wopanda mpweya ndi p, t, k wotuluka ndi mpweya, monga ife timasiyanitsa kupala ndi phala, kapena kukala ndi kukhala. Liwu lakuti paa lopanda mpweya ndi denga, koma lotchulidwa ndi mpweya ndi kagwape. Liwu lakuti kaa lopanda mpweya ndi khala la moto, koma lotchulidwa ndi mpweya ndi nkhanu. Kalembedwe kovomerezeka sikadaonetse kusiyana kumeneku, ndipo ambiri ophunzira Chiswahili kuchokera m'buku sakudziwa nkomwe. Kalembedwe kathu ka ph, th ndi kh kadasunga chimene anzathu adachisiya. Wofuna kufufuza m'mene anthu a mu mzindawu ankatchulira mawu awo m'zaka za m'ma 1920 ayenera kutchera khutu ku mbale za galamafoni za nthawiyo, pakuti mtanthauziramawu sungamuyankhe.

8.0 Mawu Omaliza

Taona kuti Chiswahili cha mu mzinda wa Zanzibar chidaleredwa m'malo amene olemba malamulo a chiyankhulo sankafikako: kuseri kwa nyumba ya Sultan, m'nyumba ya unyago, pa nsalu ndi pa maukwati. Pamene Tanzania idakhazikitsa bungwe la Baraza la Kiswahili la Taifa m'chaka cha 1967, ndi pamene UNESCO idasankha 7 Julayi kukhala tsiku la Chiswahili m'chaka cha 2021, zidali kulemekeza chiyankhulo chimene amayi awa adathandiza kuchiumba.

Kwa ife phunziro lili poyera. Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko la Malawi m'chaka cha 1968. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, ndipo m'chaka cha 1996 ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi. Mbiri ya kalembedwe kathu timaifotokoza potchula amishoni, omasulira Baibulo ndi makomiti, monga momwe anzathu amatchulira Steere ndi Johnson. Koma nafenso tili ndi nyimbo za pamtondo, zina mwa izo zidajambulidwa ndi Hugh Tracey m'zaka za m'ma 1950. Tili ndi malangizo a anamkungwi, nyimbo za chimtali, ndi kayankhulidwe ka amayi a m'misika ya Blantyre, Lilongwe, Lusaka ndi Tete, kumene anthu a ziyankhulo zosiyana amakumana tsiku ndi tsiku monga ankakumanira ku Ng'ambo.

Tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, osonkhanitsa mawu a mtanthauziramawu azijambula kayankhulidwe ka amayi a m'mizinda ndi a m'midzi, osadalira zolembedwa zokha. Chachiwiri, posunga zojambulidwazo tizilemba dzina la woyankhula kapena woimba, iye atavomera, pamodzi ndi kwawo ndi chaka, pakuti Siti timamdziwa chifukwa dzina lake lidalembedwa pa mbale, pamene alezi a m'nyumba ya Seyyid Said ndi atsikana ambiri a ku Mbweni adapita opanda owatchula. Chachitatu, pofuna liwu latsopano la zaumoyo, za uchembere kapena za malonda, tiziyamba tafunsa amene akhala akukamba nkhani zimenezo kwa mibadwo yambiri, tisadapeke lathu mu ofesi.